Nkhondo ya Sizasi ya Mayi Sakina

Khalani chete, inu a mu Area 3 amene mumagona kuseri kwa mipanda italiitali, ndi inu a ku Old Town amene mumagulitsa chilichonse kupatula mlatho. Tcherani khutu, pakuti ndikunena za masiku aakulu, chaka chimene misewu ya Lilongwe inakumbidwa yonse nthawi imodzi, fumbi nkulamulira mzinda popanda woliponyera voti.

M'masiku amenewo, pa geti la Koleji ya Luso ya Chiwalitsa mu Area 47, pankaima mwamuna: a Bonaventure, mwana wa a Lawford a ku Nsaru, Njati ya pa Geti, Wosaphethira, iwo amene anabweza galimoto ya a Pirinsipala kawiri chifukwa choiwala chiphaso. M'dzanja lawo lamanja munkakhala chibonga cha mtengo wa muwanga, chimene pa zaka khumi ndi chimodzi chinali chisanamenyepo munthu, koma chinali chitaopseza mbuzi zambiri.

Nkhondo inayamba motere. Loweruka lina ophunzira awiri analimbirana mpando wapulasitiki poonera mpira mu kantini, ndipo wina anaswera mnzake botolo pamutu, moti kuchipatala anachita kumusoka. Lolemba m'mawa a Clifton, Pirinsipala wa kolejiyo, anamata lamulo pageti lakuti pasalowe chida chilichonse, kaya chakuthwa, chosongoka kapena cholemera. Kenako anaitanitsa mlonda wawo.

"A Bonaventure, magazi akadzakhetsedwanso pano, yunifolomu imeneyo mudzaisiya patebulo langa."

A Bonaventure, amene anali ndi ana anayi ndi yunifolomu imodzi yokha, anamenya sawasha natuluka kunka kunkhondo.

Ndani angawerenge adani amene anagwa sabata imeneyo? Tsiku loyamba anagonjetsa maambulera khumi ndi atatu. Tsiku lachiwiri anagwira mafoloko, zodulira zikhadabo, ndi nsapato ya gogoda ya mtsikana wina dzina lake Hellen, amene analowa m'kalasi akutsimphina chifukwa inzakeyo inapezeka yosalakwa poti inali yothyoka kale. Lachitatu anamanga nzimbe ziwiri zimene zinkafuna kulowa mozemba, naziimba mlandu pomwepo, ndipo pofika masana chilango chinali chitaperekedwa, makoko okha ali mbwee. Akaidi ena onse anaponyedwa mu katoni ya sopo imene inali ndende.

Koma Lachinayi, tsiku la mayeso a ophunzira zosoka, kabaza wanjinga yamoto anaima pageti, ndipo m'fumbi lake munatuluka Mayi Sakina, mphunzitsi wa utelala, Mkango Waukazi wa pa Makina, mwana wa telala wa pakhonde kuseri kwa mzikiti, iwo amene amayeza munthu ndi maso okha osaphonya ngakhale inchi. A Bonaventure anapisa dzanja m'chikwama chawo, ndipo chimene anatulutsamo chinanyezimira padzuwa: sizasi yachitsulo, yaitali ngati mkono wa mwana.

"Mayi," anatero a Bonaventure mokweza kuti mzere wonse umve, "ndaona zida m'moyo wanga, koma ichi ndi mipeni iwiri imene yapangana chiwembu. Ndi chakuthwa, ndi chosongoka, ndiponso ndi cholemera. Chaphwanya lamulo lonse pachokha. Pano sichidutsa ine ndili moyo."

"Bambo," anayankha Mayi Sakina akukonza mpango wawo, "sizasi imeneyi anandisiyira malemu bambo anga. Yadula madiresi a akwati mazana atatu, ndipo palibe mmodzi amene anatuluka magazi. Yunifolomu mwavalayo inadulidwa ndi iyo. Ana anga makumi awiri akudikira mayeso, ndipo nsalu saidula ndi mano."

"Lamulo silinatchule za mano."

"Nanga chili m'dzanja lanulo ndi chiyani?"

A Bonaventure anayang'ana chibonga chawo ngati akuchiona koyamba.

"Ichi ndi cha ntchito."

"Ndi chopepuka?"

Apa dziko linaima. A Bonaventure anachikweza, anachitsitsa, ndipo mtima wawo, umene sunkadziwa kunama, unavomera kuti chinali cholemera. Anatembenuka nawerenganso lamulo kuyambira pamwamba, kufunafuna pamene panalembedwa kuti kupatula mlonda, koma sanapapeze. Ndipo Njati ya pa Geti inachita chimene sichinachitikepo m'mbiri ya ulonda: inadzisecha yokha, inadzipeza ndi chida, inadzilanda, niponya chibongacho mu katoni pamwamba pa maambulera.

"Tsopano," anatero a Bonaventure, "sizasi itsatire."

"Siitsatira."

Anaima choncho maso ndi maso, dzuwa likukwera. Kumbuyo kwawo mzere unatalika mpaka kukhota pa ngodya ya msewu, pakuti geti linali lotseka kufikira mlandu utatha. Ophunzira anayamba kung'ung'udza, kenako kukankhana. Mnyamata wina wa zamakaniko, Shadrick, anapondedwa phazi, ndipo anagwira mnzake Lexon pakhosi pa malaya. Anzake a mbali zonse anayamba kuvula zikwama.

A Bonaventure anakumbukira mawu a Pirinsipala aja. Anaona magazi, anaona yunifolomu yawo ili patebulo. Dzanja linapita pamene pankakhala chibonga, koma linagwira mphepo. Anaimba wenzulo, koma fumbi linali litautseka, ndipo unangolira ngati mwanapiye. Komabe, chifukwa anali mwana wa a Lawford, anathamanga manja ali zii nakaima pakati pa magulu awiriwo, atatsinzina, kudikira chibakera choyamba.

Chibakeracho sichinafike. M'malo mwake kunamveka mawu a Mayi Sakina, amene anali atakwera pampando wa mlonda.

"Shadrick, m'chiuno mwako ndi mainchesi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ngakhale atsikana umawauza zina. Lexon, buluku lako la ovolosi ndinalipinda kanayi kuti lisakokere pansi. Ndinakuyezani nonse chaka chatha. Amene aponye chibakera, ndiyambira pa iyeyo kuulula miyezo, ndipo sindisiya chiwalo."

Chete amene anagwa pamenepo anamveka mpaka ku City Centre. Shadrick anasiya malaya a mnzake, nawawongola, nakokera mimba yake m'kati. Ankhondo onse anatola zikwama zawo nabwerera pamzere ali zyolizyoli.

Pamenepo ndi pamene a Clifton anafika, atachedwa ndi misewu yokumbidwa. Anamva mbali zonse ziwiri, anawerenga lamulo lawo lomwe, ndipo anakumbukira mochedwa kuti koleji yawo imaphunzitsanso ukalipentala ndi zophikaphika, moti mawa lake pageti pakanafika masowo, mahamala ndi mipeni ya anyezi.

Pangano linalembedwa pabonati ya galimoto. Zipangizo zonse zophunzirira zizigona m'bokosi lokhoma, zizituluka nthawi ya kalasi yokha. Mabotolo agalasi asalowenso mu kantini, ndipo mipando iwonjezedwe. Maambulera akhululukidwe. Chibonga chipume pantchito mwaulemu. Koma sizasi ya Mayi Sakina, poti inali ya malemu ndipo sikanagona kwa eni, iziperekezedwa m'mawa uliwonse kuchokera pageti mpaka m'kalasi, mlonda ali patsogolo, iyo ili pakati, mwini wake ali pambuyo. Tsiku lomwelo a Bonaventure anaguba ulendo woyamba, ndipo mayeso anayamba atachedwa ndi maola awiri.

Lachisanu kunachitika phwando la mtendere. Ophunzira zophikaphika anabweretsa keke yaikulu yolembedwa kuti TATAYA ZIDA, ndipo a Clifton analankhula kwa mphindi makumi anayi. Atamaliza anatambasula dzanja kuti alandire mpeni. Mpeni unali m'bokosi. Kiyi wa bokosi anali ndi a Lonely osunga katundu, ndipo a Lonely anali atapita kumaliro ku Nathenje.

Onse anayang'ana chikwama cha Mayi Sakina.

"Sizasi yanga siidya shuga," anatero. Anatulutsa ulusi wakuda, anapatsa a Bonaventure nsonga imodzi, iwo nagwira inayo, ndipo adani awiriwo anawerama nakoka pamodzi mpaka keke inagawika. A Bonaventure anatenga ulusiwo, anauyesa ndi chala, anayang'ana mmene unachekera bwino, ndipo nkhope yawo inayamba kuchita mdima.

"Musayerekeze," anatero Mayi Sakina.

Njati ya pa Geti inaganiza nthawi yaitali, kenako inanyambita ulusiwo, niubweza.