Tsiku limene ndinayeretsa kampani

Mpaka lero ndikaona ndowa ya laimu ndimayang'ana kumbali, ndipo akazi anga amatsokomola mwadala.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, ndikusamalira pabwalo pa kampani ina ya thonje ku Balaka. Malowo anali achilendo: maofesi a denga lafulati, makoma a simenti osapaka kanthu, kapinga wotambalala, dziwe la nsomba lamakona anayi, ndi miyala ikuluikulu yakuda imene mzungu womanga malowo anaiyala pansi pa mitengo. Ine ndinkangoti penti anawathera.

Kapitawo wathu atapuma ntchito, mpando unatsala pakati pa ine ndi mnzanga Che Jafali. Mpandowo unkabwera ndi nyumba ya mpope pakhomo (akazi anga anali atasoka kale makatani).

Ndiye bwana manijala anandiitana. "Lolemba kukubwera alendo a boma, osunga zinthu zakale. Akufuna malo ano asungidwe ngati mbiri ya dziko. Pakhale bwino."

Abale inu, masiku amenewo mlendo wa boma akamabwera tinkatani? Tinkapaka laimu! Ngakhale mwala wa m'mbali mwa msewu unkavala zoyera. Bwana atangonyamuka kupita ku Liwonde kukapuma, ndinayamba ndi mitengo, kulekeza m'chiuno. Kenako miyala ija. Laimu atatsala, ndinati makoma amalisechewa asatichititse manyazi. Dziwe nalo ndinalizunguliza (nsomba zinayamba kusambira chagada, ine n'kumati zasangalala).

Che Jafali anandipeza ndili pamakwerero. "Achimwene, bwana anatero?"

"Iyayi. Munthu wanzeru sauzidwa zonse."

"Chabwino, akapitawo," anatero, n'kumapita akupukusa mutu. Ine ndinamva kukoma.

Lolemba ndinaima pageti nditapisira malaya. M'galimoto munatsika mayi wamagalasi, kamera ili m'khosi. Anayang'ana uku, nayang'ana uko, manja n'kupita kumutu.

"Mayo ine! Simenti ija ili kuti?"

"Ilimo m'kati, mayi," ndinayankha monyada. "Taibisa."

"Bambo inu, tabwera chifukwa makomawa sanapakidwepo chimangidwire. Kukongola kwake n'komweko! Mwaiona kuti miyala yovala dilesi laukwati?"

Bwana sanakalipe ayi. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi, pamene laimu anali adakali mbuu, n'kunena motsitsa, "Mwaipaka nokha?"

"Ndekha, bwana." (Pakamwa panga ndi mdani wanga, ndinkaopa kuti ulemu ugawidwa.)

Chilimwe chonse cha ku Balaka ndinachithera pamakoma ndi burashi yawaya, nditatuwa ngati wa pachigayo. Kapitawo watsopano, Che Jafali, ankandilozera mwaulemu pamene patsala. Zinandiwawa, sindinama. Makatani aja akazi anga anawapereka kwa akazi a Che Jafali, poti pamazenera athu sankakwana.

Kunena zoona, ine ndimaonabe kuti malo aja anawala. Koma madzi otsukira makomawo ndinkatunga pampope wa nyumba yomwe ija, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndaodira.