Ndinalengeza Maliro a Apongozi Ali Moyo

Mpaka lero ndikaona malembo awiri awa, S ndi K, atagundizana, manyazi amandigwira. Kwa apongozi anga ku Chilomoni nkhaniyi amaikamba pa ukwati uliwonse, ndiye bola ndiikambe ndekha, chifukwa enawo amathira mchere wambiri.

Munali m'zaka zija matipate atangokhazikika, ine ndili ndi chaka chimodzi pabanja. Tinkakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aamuna, a Muhiwa, amene anapuma ntchito yokonza mawaya a telefoni. Mkuluyu anali ndi matenda amodzi: wailesi. Osati yomvera nyimbo ayi, koma yolankhulirana ndi anzawo a maiko akutali, yokhala ndi chiphaso cha boma ndi dzina lakelake la manambala ndi malembo. M'kachipinda kawo munalinso kompyuta yolumikiza ku wailesiyo, imene inkagwira ntchito ngati bolodi la zidziwitso. Wina akamva siteshoni yosowa, amalemba pamenepo kuti ili pakuti, uthengawo nkudutsa ku Joni mpaka kufika kwa anzawo dziko lonse. Apongozi ndiwo anali woyang'anira bolodi limeneli, ndipo ankalisamala kuposa nkhuku zawo.

Ine ndinali taipisiti pa ofesi ina mu tauni, wa satifiketi yanga (ndipo aliyense amene ndinakumana naye ankadziwa za satifiketiyo pasanathe mphindi zisanu). Nchifukwa chake Loweruka lina, pamene ankanyamuka kupita kumudzi ku Phalombe kukapumako sabata imodzi, apongozi anandiitana ine, osati mwana wawo. Anati mvula ikayamba kuchita mdima ndizimitse makina kuopa mphenzi, koma ndiyambe ndatsanzika anthu. Anandilembera zonse m'kope: ndilembe ANN, limene ndi lamulo lolengezera anthu a pafupi, kenako chiganizo chachitali chachizungu chonena kuti bolodi latsekedwa kwa sabata imodzi, pomaliza SHUTDOWN.

"Make Tadala, mulembe zimene zili apazi basi. Musawonjezere ndiwo," anatero.

Ndinayankha nditagwada kuti ndamva. Kumva ndinamvadi.

Cha m'ma 11 koloko mitambo inada kumbali ya Michiru. Ndinalowa m'kachipindamo, nkukhala pampando wa apongozi, umene ndinali ndisanaukhudzepo. Nditawerenga chiganizo chawo chija ndinaona kuti nchotalika ngati kalata yofunsira ntchito, pamene anthu a pa bolodipo onse amalemba mwachidule. Ndinakumbukira kuti m'buku la apongozi lolembamo amene alankhula nawo, nkhani iliyonse imathera ndi SK, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ndiye kuti tamaliza, tatseka. Pa tsamba lina la kope ndinaonanso ANN/FULL. Ndinati eya, FULL ndiye kuti uthenga upite wathunthu, usaduke panjira. Ndinatambasula zala nkutaipa ANN/FULL, dzina lawo la pa wailesi, kenako IS NOW SK. GONE HOME TO REST. Kunena kuti atseka, apita kumudzi kukapuma. Ndinadziyamikira kuti chizungu chake nchaukhondo.

Ndisanazimitse, ndinathamanga kukanula zovala panja. Pobwera ndinapeza sikirini yadzaza, mizere ikungotsika. Wina analemba RIP. Wina kuti wamva chisoni chachikulu. Wina wa ku Japan, wina wa ku Brazil, wina kuti Mulungu atonthoze banja.

Ndinakhala pampando nkuwerenganso. Sindinaganize kuti ndine ndalakwitsa, ayi. Ndinaganiza kuti basi imene anakwera apongozi yagubuduzika, ndipo anthu a mawailesiwa, poti amamva zinthu msanga, adziwa kale ife tisanamve. Ndinalira pampando pomwepo, kulira kwenikweni, kufuna amuna anga amene anali ku ntchito ku Makata ndipo kunalibe njira yowapezera.

Ndikulira choncho, galimoto inaima panja. Anali a Malikebu a ku Naperi, mnzawo wa apongozi wa mawailesi omwewo, atavala jekete yakuda, maso ali psuu. Anandigwira dzanja nkundifunsa kuti zachitika nthawi yanji. Ndinati ine ndimati ndimve kwa iwo. Anati iwo awerenga pa bolodi. Ndinati inenso ndawerenga pa bolodi. Kenako anandifunsa pang'onopang'ono kuti uthenga woyamba uja walemba ndani.

Nditawaonetsa, anakhala pansi pa sitepe nkuvula magalasi. Anandifotokozera kuti SK pa mapeto a nkhani ndi kutsanzika ndithu, koma ukanena kuti munthu ndi SK ndiye kuti kachipangizo kake kogogodera mauthenga kakhala chete mpaka muyaya, mwini wake watisiya. Ndipo FULL si wathunthu ayi, ndi dziko lonse lapansi. Choipa kwambiri, anati pobwera anadzera kwa mkulu wa mphakati wathu kukanena za zovutazo.

Anthu a ku Chilomoni sachedwa pa maliro, ndiwayamikire. A Malikebu asanavalenso magalasi, amayi a mphakati anali atayamba kulowa pageti, zitenje m'chiuno, nyimbo ili pakamwa. Azibambo anayamba kutulutsa mipando pabalaza, ena anakaika masamba pamsewu. A Malikebu anati akakambe ndi akuluakulu kuseri, nkundisiya. Ine m'malo mowatsatira ndinathawira m'kachipinda muja nkukhoma (nzeru za munthu wamantha zimathera pomwepo).

Mantha anga tsopano anali ena. Mkazi wobwera, wa chaka chimodzi, kulengeza imfa ya apongozi ali moyo! Kwathu kuno zimenezo sati kulakwitsa, amati kulosera. Ndipo nanga akanapanda kufika kumudziko bwino? Ndinadziona ndikukwera minibasi ya kwathu ku Bangwe, katundu pamutu, Tadala kumsana, banja litatha.

Ndinatsegula kope kufuna njira yofufutira. Ndinaipeza, yolembedwa ndi dzanja la apongozi: kufufuta uthenga, lemba KILL. Abale inu, pa mawu onse a chizungu, anthu amenewa anasankha limenelo, lotanthauza kupha! Koma ndinalibe kuchitira mwina. Pamafunika nambala ya uthenga, ine sindinaione, ndiye ndinataipa KILL ndi dzina la apongozi. Makina anakana. Ndinabwereza. Anakananso. Ndinabwereza kasanu, mzere pansi pa mzere, thukuta lili kamukamu.

Sindinadziwe kuti pawindo panali munthu. Anali alamu anga a Esinati, mchemwali wamkulu wa amuna anga, mphunzitsi wa chizungu, amene kuyambira tsiku la chinkhoswe ankati ndine wamatama. Anali atangofika kuchokera ku Zingwangwa akulira bambo awo. Anasiya kulira nkuwerenga sikirini mokweza, liwu ndi liwu, kenako nkumasulira kuti amayi a mphakati amve bwino.

"Alamu, tsegulani. Mutiuze kuti bambo mwawatani."

Nyimbo inaduka. Ndinamva anthu akusonkhana pakhomo, wina akuti anazionera kale kuti mawaya amenewa ndi ndege zaufiti za masiku ano. A Malikebu ankayesa kufotokoza, koma ndani akanamva za makina pamene mawu alembedwa poyera kasanu? Ndinagwada pansi pa tebulo, pakati pa mabatire, nkuyamba kupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale la pa chakudya.

Mwadzidzidzi kunja kunamveka chipwirikiti, mapazi akuthamanga, mpando ukugwa. Kenako bata. Kenako mawu amene ndinkawadziwa, akufunsa mwaulemu kuti zovuta zagwa pa nyumba ya yani.

Anali apongozi. Basi inawafera asanafike patali, anadikira mpaka kutopa, nabwerera pa matola. Ataona masamba pamsewu anavula chipewa, nkumayenda mwakachetechete kutsata maliro mpaka kufika pa geti yawo. Theka la anthu olira maliro aja linadumpha mpanda.

Apongozi anagogoda okha, ndipo ndinatsegula ndili chogwada. Sanandiyang'ane. Anakhala pampando wawo, navala magalasi, nayamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Anawerenga nthawi yaitali, ine ndikudikira chigamulo, alamu anga ataima pakhomo manja m'chiuno. Ndinaona akupukuta m'maso. Anati sankadziwa kuti munthu wa ku Japan uja amawakonda chotero. Atafika pa mnzawo wina amene anafunsa ngati banja ligulitse wailesi, anati ameneyo amuona.

A Esinati analoza mizere isanu ija. Apongozi anawapatsa kope kuti awerenge dzanja la bambo awo, nkuwauza kuti akathandize kubweza mipando. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Make Tadala, ndinati musawonjezere ndiwo. Khalani apa, muwauze kuti ndauka. Ndipo tsiku lenilenilo likadzafika, mudzalembe ndinu. Mwaphunzira kale."

Banja silinathe, ngakhale kuti kwa miyezi ingapo amayi ena ankawoloka msewu akandiona, ndipo apongozi akayetsemula aliyense ankayang'ana ine.

Patapita zaka zingapo apongozi anadwaladi, natisiya m'mawa wina kuchipatala ine ndili pambali pa bedi. Masana ake a Malikebu anandiyatsira makina, ndipo ndinakhalanso pampando uja. Ulendo uno ndinataipa pang'onopang'ono ngati wophunzira, ANN/FULL, dzina lawo, SK, osawonjezera kanthu. Tinadikira. Yankho loyamba linachokera ku Japan, ndipo linali funso la mawu ochepa: mwatsimikiza?

Ndinaseka misozi ili mbwee, mpaka alamu anga anabwera kudzasuzumira pawindo. Ndipo ndisakunamizeni, ndisanayankhe ndinayamba ndayang'ana kaye ku geti.