Dazi Pakati, Ubweya M'mbali

Usiku watha ndinalota, anyamata, ndipo wina akaseka ndimuzulira pulagi. Ndinalota Loweruka lafika, tsiku la mpikisano wa njinga zamoto. Paja ndakhala ndikukuuzani pano pa siteji ya kabaza kuti ine Zakeyu ndikapendama pa kona, bondo limapala pansi. Ndiye ndili pamzere, dzuwa lili paliwombo, injini zikubangula, koma bwalo silikukhazikika: ndikayang'ana kumanzere, kona yathawira kumanja.

Ndiye akubwera bwana woyendera njinga, a Mkwapatira. Akuwerama pa tayala lakumbuyo, mwadzidzidzi asanduka nanzikambe wovala taye, diso lina pa tayala, lina pa ine.

"Achimwene," akutero, "tayalali lili ndi dazi pakati, koma m'mbalimu tiubweya ta kufakitale tikadalimo. Mumakhota bwanji?"

Ndisanatsegule pakamwa, tayala latsokomola. "Bwana, ndiyankhe ndine. Mkuluyu akafika pa kona amangoti njo, ngati wasenza mazira. Chaka chathunthu nthiti zangazi sizinalawepo dothi."

"Iwe," ndikulinong'oneza, "amakupopa ndani? Si ine?"

"Ee, mumandipopa mpaka ndiume gwa! Nanga msewu ndiugwira ndi chiyani, mano?"

Ndiye shoka, ija yoletsa njinga kunjanja m'mabampu, nayo yakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Nanenso bwana. Sipuling'i yanga anaimanga mpaka pothera, kuti ndizinyamula matumba atatu a makala ndi mwini makalawo pamwamba. Lero akwera yekha, munthu wopepuka ngati gaga. Ndikamuponya m'mwamba musati ndamulodza."

Ndikusolola sipanala kuti ndimasuleko sipuling'iyo, mwadzidzidzi sipanala yafewa ngati nthochi yakupsa. Ndikupotokola, ikungondipaka m'manja. Wonyamula mbendera wasanduka tonde, watafuna mbendera, ndiye anthu aliyatsa liwiro poganiza kuti ndicho chizindikiro. Ine ndikunjanja m'mbuyo mwawo ngati chiwala, chishalo chikundimenya pansi, mitambo ikundimenya pamutu.

Ndiye kona yoyamba ija ndaipeza itakhala pampando, ikusenda chinangwa. "Fikani, a Zakeyu," ikutero. "Timangomva mbiri yanu, nkhope sitikuidziwa."

Inu nonse muli pachulu, mafoni m'mwamba. Iwe Fulaye ndiwe ukutsogolera nyimbo: "Bondo! Bondo!" Ndati lero ndi lero. Ndapendama. Ndapendama, anyamata, dothi ndikulinunkhiza! Bondo latsala chala chimodzi kuti ligunde, mwadzidzidzi lalankhula: "Ine ayi, ndili ndi ana." Ndiye ladzipinda, lakwera, lakabisala m'khwapa. Njinga yadzuka yokha, yaima chilili ngati ikuimba nyimbo ya fuko.

Ndiye nanzikambe uja wandipeza kuseri kwa chimbudzi, wandipatsira sandipepa. "Akatswiri ena," akutero, "amapendamira kunoko." Ndagwada, ndikupala m'mbali mwa tayala msangamsanga musanatsike pachulu. Ndikapala ubweya umodzi, ukumera khumi. Tayala lamera ndevu, ndevu zafika m'mawondo, mapazi anu ndikuwamva akubwera, ine ndikungopala, khwee, khwee, khwee...

Kutsegula maso, ndi tsache. Mayi a kunyumba akusesa pakhonde, pansi pa njinga.

"Bambo a Tiyese," akuitana, "tayala lanuli likatha pakatipa musalitaye. M'mbalimu mutuluka nkhwayira zatsopano za ana onse awiri."