Masamba Opanda Mtembo

M'dziko lina munali mudzi wina umene unatupa mpaka kuyamba kudzitcha tauni, ndipo pakati pake anadutsitsapo msewu wa tala wosalala bwino. Sukulu inatsala tsidya lino, makwawo kwa ana tsidya ilo. Malole a mchenga ankadutsa pamenepo ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi.

Akuluakulu sanakhale chete. Anakhazikitsa Komiti Yaikulu Yoona za Kawolokedwe Kaulemu ka Anthu, Ziweto ndi Njinga. Wapampando wake anali Olemekezeka Bambo Mlongoti, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi sukuluyo, koma ana awo ankaphunzira kwina, pagalimoto.

Komitiyo inakumana zaka zinayi. Chaka choyamba chinathera pa mkangano wa mtundu wa penti. Chaka chachiŵiri anajambula mizere yoyera yowolokerapo, mvula yoyamba n'kupita nayo. Kenako kunabwera mahampu atatu. Akatswiri anayeza ndi tepi, anaŵerenga mapepala, ndipo anapeza kuti malo oopsa kwambiri m'tauni yonse ndi pa botolo sitolo ya a Mlongoti. Kuyambira pamenepo zidakwa zinkawoloka mwamtendere.

Mayi Nasibeko, ogulitsa mandasi, anali ndi mwana mmodzi yekha, Sigele, wa sitandade 2. Tsiku lina lole inamuphonya pang'onong'ono, inangopita ndi chikwama cha mabuku. M'mawa mwake mayiwo anathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku kwa sukulu, monga timachitira pakagwa maliro.

Zimene komiti inalephera zaka zinayi zinatheka tsiku lomwelo. Madalaivala ankatsitsa wailesi n'kumayenda ngati nkhono. Akabaza ankatsika, chipewa m'manja. Ana anawoloka sabata ziŵiri popanda wothamanga.

Komiti inaitanitsa msonkhano wadzidzidzi.

"Mayi, wamwalira ndani?" anafunsa a Mlongoti.

"Palibe, bwana."

"Nanga masambawo ndi a chiyani?"

"Ndi oti asamwalire."

"Mwayambira kumapeto, mayi. Dongosolo lake n'lakuti munthu ayambe wafa, masamba pambuyo. Komanso masamba anuwo mulibe mu pulani. Anawayeza ndani? Bweretsani mtembo, tikupatsani chilolezo tsiku lomwelo."

"Mwana wanga ndi mmodzi yekha, bwana. Mwina mundibwereke wanu."

Mlembi anafufuta mawu amenewo m'maminitsi, ati ndi achipongwe.

Lolemba m'mawa a Mlongoti anafika atavala suti, pamwamba pake jekete lonyezimira, kumbuyo kwawo wojambula zithunzi. Anachotsa nthambizo ndi manja awo, imodziimodzi, n'kuima pakati pa msewu kuti alankhule za kuipa kopusitsa madalaivala. Anali atangofika pa "Choyamba" pamene lole ya mchenga inatulukira. Dalaivala wake anali atapirira sabata ziŵiri. Ataona kuti masamba kulibe, anadziŵa kuti zovuta zatha, anaponda moto. Jekete lija analiona ndithu, koma analiona mochedwa.

Mtembo unapezeka, chilolezo chinatuluka tsiku lomwelo. Nthambi zinayalidwa pamalo omwe aja, tsopano movomerezeka, atayeza ndi tepi. Maliro anagona masiku asanu kudikira mwana wa malemu wochokera ku Joni, ndipo masiku onse asanuwo Sigele ndi anzake ankawoloka akudya mandasi pakati pa msewu. Pamanda oyankhula ananena kuti malemu anapereka moyo wawo pa chitetezo cha ana. Kwa nthaŵi yoyamba m'tauni imeneyo, mawu a pamaliro sanali abodza.

Masamba aja anauma, malole anayambiranso. Mpando unapita kwa achiŵiri awo, Bambo Kamtsitsi, amene alonjeza kafukufuku watsopano wa zaka zitatu. M'mawa uliwonse, akangowolotsa Sigele, Mayi Nasibeko amadzera pakhomo pa a Kamtsitsi n'kugwada mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Chifuwa chija chikupitirirabe?"