Giya Faifi ndi Bondo la Apongozi

Nkhani iyi ndimaibisa ngakhale kwa aphunzitsi anzanga, koma poti akabaza onse a pa Kamwendo anaona ndi maso awo, bola muimve kwa mwiniwakene. Ndi yamanyazi, ndakuchenjezeranitu.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndimaphunzitsa pa boma pano, koma ndinakwatira kwa Mlonyeni. Kubanja la mkazi wanga ulemu wa apongozi aakazi si wamasewera. Chikwatirireni mayi a Chisomo, sindinagwiranepo chanza ndi mayi awo. Tikakumana panjira iwo amapatuka, ine ndimanjuta chapatali, moni n'kupatsana aliyense akuyang'ana kwake. Mudzi wonse unkanditchula kuti mkamwini waulemu, ndipo dzina limenelo ndinkalinyadira kuposa satifiketi yanga.

Loweruka lina kunali ukwati wa mlamu wanga pa Kamwendo. Ndinabwereka kapikapu ka mnzanga, kaja ka mpando umodzi kutsogolo, kuti ndikatenge apongozi onse awiri. Mkazi wanga anakwera kumbuyo pamodzi ndi ufa ndi nkhuku za paukwati.

"Ine pawindo," anatero apongozi aamuna. "Galimoto imandichititsa nseru."

Ndiye kuti pakati pakhala amayi.

Amene mumayendetsa galimoto ya magiya mwaliona kale vuto langa. Wani ndi thu zili kumanzere, kumene kumakhala bondo la wokwera pakati. Faifi ndiyo ili mbali ya dalaivala. Kuti ulowetse thu, dzanja limakafika pabondo la munthu, ufune usafune.

Ndinachita machawi. Amayi asanakwere ndinalowetseratu wani n'kuponda kilatchi. Iwo anakwera mosapupuluma, kukonza chitenje, kukonza duku, ine phazi likadali pa kilatchi. Titanyamuka ndinachoka pa wani n'kulumphira fili, kenako faifi. Ndinalumbira mumtima kuti m'menemo sindichokamo mpaka kutchalitchi.

Tsono faifi pamsewu wafumbi, wamaenje, ukuyenda liwiro la ngolo. Kapikapu kanayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo.

"Aphunzitsi, kodi galimotoyi ili bwino?" anafunsa apongozi aamuna.

"Ili bwino kwambiri, bambo. Tikusunga mafuta. Giya ikakhala yaikulu, injini imamwa pang'ono."

Silinali bodza lenileni. Pa tara, ukuthamanga bwinobwino, faifi imapulumutsadi mafuta. Koma pamene tinali ife panalibe chopulumutsa, injini inkangovutika basi.

"Mwamva, amayi?" anatero akuluwo mokondwa. "Kuphunzira n'kwabwino. Mmene mafuta akusoweramu, ena amangowononga."

Amayi maso anali pamiyendo, manja atapinda.

Titadutsa kamlatho kena tinapeza chitunda. Galimoto inayamba kubuula, chiwongolero chikugwedezeka, mano akugundana. Ikazima pano, ndinaganiza, ndiyenera kulowetsa wani, ndipo wani ndiyo ili pabondo penipeni. Ndinalimba mtima, ndinatambasula dzanja kuti nditsitseko folo. Nthawi yomweyo bondo lija linasuntha pang'ono. Dzanja linabwerera lokha ngati lagwira mbaula.

Kumbuyo mkazi wanga anayamba kumenya denga. "Bambo a Chisomo, tsitsani giya! Mutipha!"

Apongozi aamuna anatulutsa mutu pawindo. "Iwe khala chete, amuna ako akusunga mafuta. Ukudziwa chiyani za galimoto?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Musamumvere ameneyo, aphunzitsi. Musatsitse."

Basi, njira yothawira inatsekeka. Chitundacho tinachikwera ndi chisomo cha Mulungu, ine ndikupemphera chamumtima mapemphero onse amene ndimawadziwa.

Titafika pa tara ndinapuma. Apa faifi inali pakwawo. Injini inakhala phee, mphepo ikulowa, apongozi aamuna akufotokoza mmene akawauzire anthu kuukwati za nzeru za mkamwini wawo. Ndinayamba kudziona kuti ndapulumuka.

Ndinali nditaiwala mahampu a pa Kamwendo.

Ndinaliona loyamba tili pafupi kale. Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, akabaza atandandalika m'mbali mwa msewu. Mutu unayamba kuwerengera mwachangu. Ndikaponda buleki kwambiri, ndiyenera kulowetsa thu. Ndikapanda kulowetsa, izima, ndiye wani. Konsekonse kunali bondo. Ndinangogwiritsitsa chiwongolero n'kulipita hampulo mmene ndinalili.

Gubudu!

Kumbuyo nkhuku zinalira, ufa unafuka, mkazi wanga anaitana amake. Amakewo sakanamuyankha, chifukwa anali atanyamuka pampando. Potsika sanabwerere pamalo pawo. Anagwera pa ine, manja awiri atandikolekera m'khosi, duku litandiphimba kumaso. Ndinaponda buleki osaona, galimoto n'kuzima pakati pamsewu.

Munthu amene sindinamugwirepo ngakhale chala anali atandikumbatira pamaso pa msika wonse. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Akabaza anayamba kuwomba m'manja. Wina ataona ufa ndi nkhuku anasuzumira pawindo n'kufunsa, "Akwati ake ndi amenewa?"

Apongozi aamuna ankangoyang'ana kutsogolo ngati sali m'galimotomo. Za mafuta sanazitchulenso.

Amayi anadzichotsa pang'onopang'ono, anabwerera pakati, anamanganso duku. Kumbuyo kwathu minibasi inali ikuliza hutala. Kuti tichoke pamenepo panafunika wani, ndipo dzanja langa linali lili m'malere pamwamba pa giya.

Ndipamene apongozi anga, kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, anandilankhula mwachindunji, motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Bambo a Chisomo, ligundeni bondolo tizipita. Mawondo ndili nawo awiri, koma msana ndi umodzi wokha."

Ndiye kuti ulendo wonse uja ankadziwa.

Ukamathawa bondo la apongozi, umakathera kuwanyamula athunthu.