Mbewa ya Mchira

Mukadzamva anthu a ku Nkope akunditchula kuti Aphunzitsi a Mchira, musadzayese ndi ulemu. Dzinali ndinaligula ndi manyazi pa tchuthi chachitali chapitachi.

Ndimayang'anira laibulale pa sekondale ina kumeneko (kachipinda kamodzi, mabuku ena chiswe chinawawerenga kale). Tinaitanidwa ku loji ina ku Nkopola kuti tikaphunzire kupeza mabuku pa intaneti, ndipo ochita bwino akalandira kompyuta ya sukulu yawo. Ahedi anandiuza mosaseka: "Musabwere chimanjamanja. Ana atopa kulimbirana buku limodzi la Bayoloje."

Mlangizi wa maphunzirowo anali mnyamata wa ku Blantyre amene analumbira kuti chilichonse azichinena m'Chichewa. Anandiimbira foni.

"Bambo, mubwere ndi mbewa yanu, za kuno n'zochepa."

"Mbewa yotani?"

"Ya mchira kapena yopanda mchira, bola ikhale yogwira ntchito."

Ine kwathu ndi ku Dedza, za mbewa sindiuzidwa ndi munthu, koma kompyuta ndinkangoionera ku banki. Ndinati yogwira ntchito ndiye kuti yamoyo, mwina pali phunziro la kuteteza mabuku. Ndinatenga khasu n'kukakumba m'munda wa aneba. Asilamu a m'mudzimo, amene mbewa saiyandikira n'komwe, anangoima patali akupukusa mitu. Ndinapeza yonenepa, mchira wathunthu, n'kuiika m'chitini chobooledwa.

Tsikulo anandikhazika pafupi ndi Abiti Saidi, mayi waulemu wake wa pa sukulu ya ku boma, atavala mpango woyera mbee.

"Tulutsani mbewa zanu, muike pa tebulo," anatero mlangizi. "Muigwire ndi dzanja lamanja, muziyendetsa pang'onopang'ono."

Ndinaona anzanga akutulutsa tinthu takuda tapulasitiki. Mumtima ndinawamvera chisoni kuti abwera ndi zidole. Ndinatsegula chitini monyadira.

Yanga sinadikire kuyendetsedwa. Inadumphira pa kiyibodi, n'kutsikira pa miyendo ya Abiti Saidi.

"Haramu! Haramu jamani!" Mayi aja anakwera pa mpando (sindinkadziwa kuti munthu wamkulu choncho angauluke). Bambo wina pothawa anakodwa mu chingwe, kabokosi ka magetsi ophethira kanagwa pansi phwaa.

"Neti yapita!" anakuwa mlangizi. "Popanda neti palibe chimene tichite pano!"

Apa ndinaona mpata wokonza mbiri yanga. Ndinathamangira kugombe, ndinapeza msodzi akusoka neti yake, ndinamuchonderera. Ndinabwera nayo ndikuikoka, mchenga thoo, fungo la usipa m'holo monse.

"Nayi neti, achimwene. Tipitirize."

Mlangizi anakhala pansi n'kugwira mutu. Kenako ananyamula kamodzi ka tinthu tapulasitiki tija pa chingwe chake. "Bambo, mbewa ndi iyi. Mchira ndi uwu."

Ndinakayang'anitsitsa. Kalibe maso, kalibe ndevu. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, koma ine mtima unawawa, chifukwa ndinaganiza za ana anga ndi buku lawo limodzi lija. Masiku otsalawo ndinakhala kumbuyo, ndikuphunzira ngati mwana wa sitandade wani.

Tsiku lomaliza ndinadabwa kumva dzina la sukulu yathu. "Iyi tikuipatsa kompyuta," anatero mlangizi, "chifukwa taona ndi maso athu kuti kumeneko thandizo likufunika mwachangu."

Nditatsegula bokosi ndinapeza zonse zilimo, kupatula chinthu chimodzi. Ndinakweza dzanja mwamantha.

"Pepani, mulibe mbewa."

"Muli nayo kale, Che Aphunzitsi," anayankha Abiti Saidi. "Ili kuseri kwa firiji ya loji, ikudya bwino." Kenako anandipatsa yawo, ataigwira kumchira ndi zala ziwiri.

Lero ana akuwerenga Bayoloje pa intaneti, ndipo ine ndinaphunzira kuti pofunsa uzifunsa mpaka kumapeto. Kungoti sabata yatha ahedi anati kompyutayo yagwidwa ndi vairasi. Ndaifunditsa bulangete, ndipo palibe mwana akuiyandikira wopanda masiki.