Nthungululu Yanga Itaimitsa Mpikisano

Kwathu kwa Kabudula, ukwati sukoma ngati ine sindinaimbepo nthungululu. Sikudzitama ayi, mukhoza kukafunsa. Ena amachita kunditumizira wakabaza kuti ndisachedwe. Ndiye mumvetse kuti zimene ndikufuna kukuuzanizi sizinachitike chifukwa cha umbuli wokha. Mphatso imene Mulungu anandipatsa inangotulukira pamalo olakwika, pamaso pa anthu a mayiko ambirimbiri.

Mwana wanga wachiwiri, Tiyamike, anayamba kuthamanga ali ku pulayimale. Ine ndinkangoti ndi nzeru zothawira kusoka fodya. Koma anapitiriza mpaka ku sekondale, ndipo chaka china anasankhidwa kukaimira dziko pa mpikisano wa achinyamata a mayiko akuno kummwera kwa Africa. Mwayi wake, mpikisanowo unachitikira pa bwalo lalikulu lija la mumzinda wa Lilongwe. Ine ndi abambo ake tinakwera minibasi, ine nditamanga chitenje chatsopano, iwo atavala jekete yawo yakumpingo (ndi mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, ndipo kuseka kwawo ndi kugwedeza mapewa basi).

Mumsewu anandichenjeza. "Amake Tiyamike, kumene tikupitaku si kuukwati. Muziyamba mwaona zimene anzanu akuchita."

"Kodi ndine mwana?" ndinatero.

Tinalowa m'bwalomo. Anthu anali atakhala mosanjikizana kukwera m'mwamba ngati mizere ya pamtsetse. Uku ng'oma, uku mavuvuzela, uko anyamata odzipaka nkhope zakuda, zofiira ndi zobiriwira. Gulu la ku Botswana linkavina mofanana ngati kwaya, a ku Zimbabwe akuimba nyimbo imene sindinamve mawu ake koma thupi langa linaimva. Kenaka anthu anayamba kuimirira ndi kukhala motsatizana, chinthucho chikuzungulira bwalo lonse ngati mphepo m'munda wa chimanga. Chitafika pa ife ndinaimirira mochedwa, ndekhandekha, mtedza umene unali pamiyendo panga n'kukhuthukira m'khosi mwa bambo wina wakutsogolo. Anatembenuka akuseka. Anali wa ku Zambia, wolankhula Chinyanja chawo chija, ndipo tinagwirizana pompo atautola mtedzawo n'kuyamba kudya.

Kumapeto kwa bwalo kunali kanema wamkulu kuposa khoma la tchalitchi chathu. Pamenepo m'pamene ndinamuona Tiyamike akutuluka ndi anzake, atavala kakabudula koti kwathu sangafike nako ngakhale pachitsime. Abambo ake anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Koma dzina lake litatchulidwa pa chimkuzamawu, dzina la mwana amene ndinamubereka ine pachipatala cha kwa Kabudula, bwalo lonse linachita phokoso moti mpando unanjenjemera. Ndinaona abambo ake akupukuta magalasi omwe sanade.

Mpikisano wake unali wozungulira bwalo kamodzi. Vuto linayamba powaimika. Anzake anawaika patsogolo, wina patsogolo pa mnzake, koma Tiyamike anamuika kumbuyo kwenikweni, mumzere wamkati.

"Taonani kukondera," ndinatero. "Pakwathu pomwe pano mwana wanga ayambire kumbuyo?"

Mzambiya uja anayesa kundifotokozera kuti mizere yakunja ndi yaitali, choncho onse amathamanga mtunda wofanana. Sindinamumvere, poti wa kwawo anali patsogolo pa onse.

Atsikana aja anagwada. Mwadzidzidzi ng'oma zinaleka, mavuvuzela anatsitsidwa, bwalo lonse linangoti zii. Anthu onse aja, ngakhale khanda silinalire. Ine ndinaona mwana wanga atawerama yekhayekha kumbuyo, dziko lake lonse litamutayira chete. Mtima wa ubereki unandiwawa. Ndinati, ngati onsewa achita manyazi, amake alipo. Ndinakoka mpweya, n'kuika dzanja pakamwa, n'kuimasula nthungululu ija ndimasungira mkwatibwi akamatuluka m'tchalitchi.

Bwalo lija linamangidwa mokweza mawu, abale. Nthungululu yanga inapita tsidya lina n'kubwerera. Tiyamike anadzidzimuka n'kuchoka pamalo pake, anzake awiri n'kumutsatira. Mfuti inalira, n'kuliranso kachiwiri, atsikana onse n'kuima.

"Apambana kale?" ndinafunsa.

Mzambiya uja sanaseke ulendo uno. "Mayi, wonyamuka mfuti isanalire amamutulutsa. Palibe kupepesa. Ndipo woyamba kusuntha ndi wanu."

Ndinakumbukira mwana uja akuthamanga mumsewu wafumbi wa ku Nsaru anzake ali m'tulo, akubwera ndi matuza kumapazi, akukana zitumbuwa pa Khirisimasi. Zonsezo ndaziwononga ine ndi pakamwa panga. Pansi paja akuluakulu ovala zoyera anasonkhana n'kumanong'onezana. Mmodzi anali ndi makadi m'manja. Wina analoza kumene tinakhala ife, ndipo anthu onse a mbali yathu anatembenuka.

Kenaka ndinaona mayi wina pa kanema wamkulu uja, dzanja lidakali pafupi ndi pakamwa, maso ali tong'o. Ndinayamba kumumvera chisoni ndisanazindikire kuti chitenjecho ndi changa. Pambali pake panali bambo wajekete amene ankasuntha pang'onopang'ono kulowera kwa anthu a ku Zambia (mpaka lero amakana, amati ankangokonza kakhalidwe).

Wamakadi uja anayenda kupita kwa atsikana. Anadutsa pa Tiyamike osaima, n'kukweza khadi lobiriwira kuonetsa onse.

"Mwapulumuka," anatero Mzambiya uja. "Akuti cholakwa si cha othamanga, chachokera kuno."

Wapachimkuzamawu anapempha m'Chingerezi kuti tonse tikhale chete poyambira. Kenaka anabwereza m'Chichewa, n'kuwonjezera kuti, "Makamaka amayi athu a nthungululu yabwino aja, tikupempha mutisungireko pang'ono." Bwalo lonse linaseka. Abambo ake anabwerera pamalo pawo n'kundipatsa kampango kawo osandiyang'ana. Ndinakaluma.

Mfuti italiranso, phokoso linabuka ngati mvula yamatalala padenga lamalata. Pokhota koyamba Tiyamike anali akadali kumbuyo. Chakutsidya anayamba kuwadya mmodzimmodzi. Pokhota komaliza ndinaona kuti mizere ija yawalinganizadi, ndipo mwana wanga anali pakati pa gulu, mutu uli chilili, manja akupalasa. Anthu amene sanamuonepo chibadwire ankakuwa dzina lake. Mkulu wa mpingo uja anali atakwera pampando, jekete akuizunguza m'mwamba. Wa ku Botswana anafika poyamba, wa ku Zambia wachiwiri, ndipo Tiyamike anaponya chifuwa patsogolo n'kumupitirira wina pamzere penipeni. Wachitatu. Ine ndinali nditalumabe kampango, misozi ikutsikira m'khosi.

Atabwera kumpanda atafunda mbendera, ndinayamba kupepesa. Anandigwira dzanja akupumira m'mwamba.

"Amayi, ndinadziwa kuti ndinu nthungululu isanathe n'komwe. Miyendo inangonyamuka yokha, ngati mmene mumandiitanira kudimba."

"Ndiye wakwiya, eti?"

"Akanandionetsa khadi lofiira, bwenzi pano tikukamba zina."

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti anthu ambiri akakhala chete pamodzi, pamakhala chifukwa, ndipo si udindo wanga kuwathandiza. Ndinalonjeza abambo ake kuti sindidzatsegulanso pakamwa popanda chilolezo.

Madzulo ake anawaveka mamendulo. Tonse tinaimirira, bwalo linatinso zii, nyimbo ya fuko la Botswana inayamba. Mbendera zitatu zinkakwera pang'onopang'ono, ndipo imodzi inali yathu, yokwezedwa ndi miyendo ya mwana wa kwa Kabudula. Ndinapirira ndithu, Mulungu ndi mboni. Abambo ake amanena kuti pamene nthungululu inandipulumuka, nyimbo inali isanathe. Ine ndimati inali kumapeto.